Kamera Yotani Yojambulira Zovala Pamene Ndalama N'zocepa?

M'mabanja ambiri muli mwana amene watsiriza sukulu, nchito sikupezeka, ndipo wafika kwa makolo ndi pempho lakuti amgulire kamera. Akuti atelala a ku Kamwala mu Lusaka, ngakhalenso a ku Chipata, afuna munthu wowajambulira madiresi a citenje ndi zovala za ukwati kuti azionetsa kwa ogula pa WhatsApp ndi Facebook. Pempho limeneli si la cibwana ayi. Koma ndalama zake ndi zija banja lakhala likusunga kwa miyezi, mwina za feteleza, ndipo zikathera pa cipangizo cosayenera sizibwereranso. Tiyeni tsono tione kumene ziyenera kupita.

Tiyambe ndi katswiri wa nchitoyi, Seydou Keïta wa ku Bamako m'dziko la Mali. Iye analandira kamera yake yoyamba, ya mtundu wa Kodak Brownie, mu 1935, ndipo mu 1948 anatsegula malo ake ojambulira. Anali kujambula kwambiri pabwalo ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo nsalu yoyamba imene anapacika kumbuyo kwa anthu inali yoyala pabedi pake. Popeza filimu inali yodula, munthu aliyense anali kumjambula kamodzi kokha; motero anali kuyamba wakonza bwino mpango kumutu kwa mayi ndi kutambasula diresi kuti maluwa a nsalu aoneke onse. Keïta anamwalira mu 2001, koma zithunzi zakezo zionetsedwabe m'nyumba zazikulu za zaluso ku Paris ndi ku New York.

Kamera yeniyeniyo isatidyere ndalama zambiri. Mu 2018 makampani a Canon ndi Nikon anaturutsa makamera a mtundu watsopano, ndipo ojambula ambiri a maiko olemera anayamba kugulitsa akale aja ochedwa DSLR. Amenewa ndiwo tiwapeza pa mtengo wotsika, ali ogwirapo kale nchito. Canon 600D ya mu 2011 ili ndi mamegapikiselo 18, pamene Nikon D3200 ya mu 2012 ili nawo 24. Komatu cithunzi codzaza tsamba la A4, cosindikizidwa bwino lomwe, sicifuna ngakhale mamegapikiselo 9 athunthu. Wogulitsa akayamba kutama manambala amenewa, timumvere mwaulemu, cikwama cili cotseka.

Pamene sitiyenera kuumira ndi pa galasi la kutsogolo, lija ojambula ati lenzi. Kamera zambiri zibwera ndi lenzi ya 18-55mm, ndipo wophunzira amakonda kuima pafupi ndi munthu nijambula pa 18mm. Zotsatira zake n'zomvetsa cisoni: mutu ukula, miyendo ifupika, ndipo diresi limene telala analiyesa mosamala lioneka ngati losokedwera munthu wina. Lenzi ya 50mm f/1.8 ndi imodzi mwa zochipa koposa, koma imakakamiza wojambula kubwerera m'mbuyo mamita 4 kapena 5 kuti munthu alowe yense, ndipo pa mtunda umenewo thupi ndi covala zioneka monga momwe maso athu azionera. Nambala ija f/1.8 itanthauza kuti galasi litseguka kwambiri ndi kulowetsa kuwala kocuruka, cinthu cothandiza m'kasitolo ka mdima. Cenjezo lathu ndi ili: potsegula galasi lonse, nkhope iwala bwino koma msoko ndi mabatani zingacite cimbuuzi. Telala afuna msoko wake uoneke, motero f/4 ndiyo yabwino. Ogula Nikon D3200 afunse lenzi yolembedwa AF-S, pakuti yakale ija yolembedwa D siidzikonza yokha pa kamera imeneyi. Kumene malo ali othina, 35mm f/1.8 igwira nchito yomweyo.

Za nyale zodula za m'studio tingayambe taziiwala. Dzuwa la masana ndilo loipa, cifukwa liika mithunzi yakuda pansi pa maso ndi kucititsa nsalu kuoneka yosuluka. Pakhonde, kapena pakhomo lotseguka m'mawa ndi cakumadzulo, kuwala kumakhala kofewa. Cikatoni cacikulu comatidwa pepala loyera, mlongo wa wojambula atacigwira cammbali, cibwezera kuwala kunkhope. Ici cifunika makamaka pa diresi loyera la ukwati: kamera ikaona kuyera konseko icepetsa kuwala, ndipo nkhope ya mkwatibwi wa khungu lakuda imira mu mdima.

Mtundu wa nsalu ndiwo ungadanitse anthu. Pansi pa mtengo wa mango zonse zitenga kubiriwira kwa masamba, ndipo mababu ena a m'sitolo asandutsa coyera kukhala cacikasu. Mayi amene waitanitsa diresi lofiira ataliona pa foni, nalandira la mtundu wina, sakwiyira wojambula; akwiyira telala, ndipo telalayo sadzamuitananso mwana wathu. Kamera zonse tachulazi zilola kujambula pepala loyera poyamba ndi kuiuza kamera kuti kuyera kweni-kweni ndi kumeneku, pa malo olembedwa White Balance. Sizilira ngwee.

Pogula ca kale tisacite manyazi kuyesa. Tifunse kuti kamera yajambula kangati, pakuti kacitseko ka mkati mwake kamatha monga matayala a galimoto. Tiunike m'galasi ndi tochi: tikaona timizere tonga ukonde wa kangaude, cimeneco ndi cuku, ndipo lenzi yotero tiisiye. Pa ndalama zotsala tigule batire laciwiri, pokumbukira mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Ndipo timapaketi tija toyamwa cinyezi, timene tipezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, tisatitaye: tiziike pamodzi ndi lenzi m'cigubu cotseka bwino nyengo yonse ya dzinja.