Mabala Osaoneka a Akatswiri a Nkhonya

Chibakera chikatera pamutu, ubongo umagwedezeka n'kumenyeka ku chigaza. Wankhonya amalandira zibakera zotere zosawerengeka, zambiri mwa izo pochita maphunziro okonzekera, pomwe palibe womuwombera m'manja. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono, ndipo zotsatira zake zimaonekera munthu atasiya kalekale nkhonya.

Mu 1928 dokotala wa ku America, Harrison Martland, analemba za ankhonya akale amene ankayenda modzandira ndi kulankhula mokoka lilime ngati aledzera, chikhalirecho sanalawe mowa. Masiku ano matendawa amatchedwa CTE. Amayamba ndi kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga ndi kukhumudwa. Akakula, wodwala satha kudzisamalira. Wilfred Benítez wa ku Puerto Rico anatenga lamba wa dziko lonse lapansi mu 1976 ali ndi zaka 17 zokha, koma ubongo wake unavulala moti wakhala zaka zambiri akusamalidwa ndi achibale. Muhammad Ali anapezeka ndi matenda onjenjemeretsa a Parkinson mu 1984, ndipo matenda omwewo anazunza Lottie Mwale wa ku Zambia, amene anamwalira mu 2005.

Si mavuto onse amene amachokera ku zibakera. Lamba akapita, ndalama zimatha, anzake a pa chuma amabalalika, ndipo munthu amene anazolowera kudzuka mbandakucha kukathamanga amasowa chodzukira. Ambiri amathawira ku mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Joe Louis anasunga lamba wa heavyweight kuyambira 1937 mpaka 1949, n'kuuteteza maulendo 25, koma ngongole ya msonkho inamusaukitsa. Mu 1970 anagonekedwa m'chipatala cha amisala ku Denver chifukwa ankakhulupirira kuti pali anthu ofuna kumupha. Pomaliza ankagwira ntchito yolonjera alendo pa Caesars Palace ku Las Vegas. N'zomvetsa chisoni kuti masewera amene analemeretsa anthu ambiri anamusiya chotero.

Matenda ena a maganizo ali ndi thandizo. Frank Bruno wa ku Britain, amene anatenga lamba wa WBC mu 1995, anagonekedwa m'chipatala mu 2003 n'kupezeka ndi matenda a bipolar. Analandira chithandizo, ndipo pambuyo pake anayambitsa bungwe lothandiza ena ovutika maganizo.

CTE yokha ilibe mankhwala, ndipo imatsimikizika pokhapokha ubongo ukaunikidwa munthu atamwalira. Choncho mabungwe oyendetsa nkhonya ayenera kuchepetsa zibakera za pamutu pa maphunziro, kuumiriza wovulala kuti apume, ndi kusungira ankhonya ndalama zodzawadwazikira akadzasiya masewerawa.