Mlandu wa Misbah-ul-Haq ndi mipira 121 ya ku Brisbane

Anthu a ku Pakistan ankamutcha Misbah-ul-Haq "Tuk Tuk" pomunyodola kuti amangotchinga mpira m'malo moumenya. Dandaulo lawo n'lomveka. M'kiriketi ya tsiku limodzi timu imapatsidwa mipira 300 yokha, ndipo kaputeni wa Pakistan ameneyu anapuma ali ndi marani 5,122 osafikako pa 100 ngakhale kamodzi. Komabe ine ndimati womenya aweruzidwe potengera mmene zinthu zinalili pamene ankalowa m'bwalo.

Pa World Cup ya 2015 ku Brisbane, posewera ndi Zimbabwe, Pakistan inataya omenya awiri ili ndi marani 4 okha. Misbah anadya mipira 121 kuti apeze marani 73, liwiro lotopetsa ndithu, koma timu inafika pa 235 n'kupambana ndi marani 20. Omenya khumi akatuluka kumenya kwa timuyo kumathera pomwepo, mipira yotsala imangopita pachabe, ndiye wina amayenera kukhazikika. Kumenya mwaukali ankakutha ndithu: mu 2014 ku Abu Dhabi anapeza marani 100 pa mipira 56 m'masewero a Test ndi Australia.

Otsutsa amati kudekha kwake kunkakakamiza anzake kumenya mosasamala n'kutuluka. Izi ndimazivomereza pamene timu ikuthamangitsa marani odziwika kale, monga ku Mohali mu 2011 posewera ndi India, asanakhale kaputeni wa masewero a tsiku limodzi: marani 56 pa mipira 76, India n'kupambana ndi marani 29. Pamenepo anachedwa kudzuka, sindingamuikire kumbuyo.