Kodi Mumadziwa? Kambalame Kangathe Kugwetsa Chindege

Kodi mumadziwa kuti ndege zinayamba kugundana ndi mbalame zisanakwanitse n'komwe zaka ziwiri zili mumlengalenga? Anyamata apachibale a kwa Wright anaulutsa ndege yawo yoyamba mu Disembala 1903. Pofika Seputembala 1905, Orville Wright anali atapha kale mbalame pamwamba pa munda wa chimanga ku Ohio, ndipo woyamba ndewu anali iyeyo, chifukwa ankazipirikitsa dala!

Mbalame sizinachedwe kubweza. Cal Rodgers, munthu woyamba kudutsa dziko lonse la America pa ndege mu 1911, anagunda mbalame ya kunyanja ku Long Beach, n'kugwera m'madzi. Katswiri amene anapulumuka ngozi zambirimbiri pa ulendo wakewo anaphedwa ndi mbalame imodzi mu 1912.

Nanga kanthu ka nthenga kangaboole bwanji chitsulo? Chinsinsi chagona pa liwiro, pakuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugundako imawirikiza kanayi. Mbalame ya makilogalamu 5 ikakumana ndi ndege yothamanga makilomita 275 pa ola, zili ngati matumba awiri a chimanga akugwereni kuchokera pamtunda wa mamita 15.

Choopsa kwambiri n'chakuti injini ya jeti imameza mpweya, ndipo chilichonse chimene chili kutsogolo kwake chimalowera limodzi. Mbalame ikalowa, imapinda kapena kuthyola zitsulo zozungulira zija, ndiyeno zidutswazo zimakathyola zinzake m'kati. Ngozi zoterezi zimadyera makampani a ndege padziko lonse ndalama zoposa madola 1 biliyoni chaka chilichonse.

Mukuganiza kuti zimachitika mwa apo ndi apo? Ku America kokha, mu 2023 analemba malipoti oposa 19,000 a ndege zogundana ndi mbalame kapena nyama zina. Mukagawa, ndiye kuti tsiku lililonse zoposa 50!

Koma mtima m'malo, zambiri mwa ndegezi zimatera bwinobwino, okwera osadziwa kanthu. Vuto limakula mbalame zikakhala chigulu n'kulowa m'mainjini onse nthawi imodzi. Mu Okutobala 1960 ku Boston, timbalame takuda totchedwa starling, tosafika ngakhale magalamu 100 kamodzi, tinagwetsa ndege yongonyamuka kumene ndipo mwa anthu 72 anafa 62.

Kuno ku Africa nako zinachitikapo. Mu Seputembala 1988, ndege ya Ethiopian Airlines ya mtundu wa Boeing 737 inameza nkhunda zakutchire ikunyamuka ku Bahir Dar, mainjini onse awiri n'kuzima. Oyendetsa anayesetsa kuti atere, koma ndegeyo inayaka moto ndipo anthu 35 anataya miyoyo.

Munamvapo za ndege imene inatera pamtsinje? Pa 15 Januwale 2009, Airbus A320 itangonyamuka pa bwalo la LaGuardia ku New York, inalowa m'gulu la atsekwe ndipo mainjini onse anangoti zii. Kaputeni Chesley Sullenberger anaitsetsereretsa pa mtsinje wa Hudson m'nyengo yozizira koopsa, ndipo anthu onse 155 anatuluka amoyo.

Patatha zaka khumi, a ku Russia anachita zawo. Mu Ogasiti 2019, ndege ya Ural Airlines inagunda mbalame za kunyanja pafupi ndi Moscow, n'kukatera chapamimba m'munda wa chimanga, matayala osatulutsa. Mwa anthu 233, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafa.

Kodi kukwera m'mwamba kwambiri ndiko kuthawa mbalame? Nthawi zambiri inde, chifukwa ngozi pafupifupi 9 mwa 10 zimachitikira pafupi ndi bwalo, ponyamuka kapena potera. Koma mu Novembala 1973, ndege ina inagunda muimba pamwamba pa Abidjan ili pa mamita 11,300, kupitirira nsonga ya phiri la Everest ndi mamita oposa 2,400!

Mukuti anadziwa bwanji kuti unali muimba? Nthenga zotsalira ndizo zinaulula. Ku malo a kafukufuku a Smithsonian mumzinda wa Washington kuli akatswiri amene ntchito yawo ndi yolandira timaphukusi ta nthenga ndi magazi opalidwa pa ndege, ndipo mayi Roxie Laybourne, amene anayambitsa lusoli itachitika ngozi ya ku Boston ija, ankatha kutchula mtundu wa mbalame poyang'ana kachidutswa ka nthenga pa maikulosikopu.

Tsopano gwirani mpando: kuli mfuti yowombera nkhuku. Opanga ndege amaika nkhuku yakufa mumpope wautali, n'kuiphulitsa ndi mpweya kuti ikamenye galasi la kutsogolo kapena ilowe mu injini yoyaka. Galasi likasweka, abwerere akakonzenso, ngakhale atawononga kale madola mamiliyoni.

Pamabwalo a ndege napo pali nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Amaphulitsa makombola, amaliza kulira kwa mbalame yogwidwa pa zokuzira mawu, kwina amaweta akabawi ophunzitsidwa. Bwalo la Fort Myers ku Florida linalemba ntchito galu mu 1999, dzina lake Jet!

Ku Britain anapeza njira yosafuna phokoso: kuleka kumweta udzu. Mbalame zambiri zimadana ndi udzu wautali chifukwa siziona mdani akamabwera. Choncho amausiya ufike masentimita 15 mpaka 20.

Nanga anzathu a ku Durban? Pafupi ndi bwalo la King Shaka, lomwe linatsegulidwa mu 2010, pali dambo la bango la Mount Moreland pomwe anamzeze ochokera ku Ulaya amagona m'nyengo yotentha. M'malo mowathamangitsa, anaika rada yowalondola n'kumachenjeza oyendetsa ndege, poti anamzezewo ankatha kufika 3 miliyoni.

Ndipo mukudziwa chimene chimaitana mbalame zambiri kubwalo la ndege? Ndi ifeyo, ndi mitaya yathu ya zinyalala, madamu a zonyansa ndi malo ophera nyama, komwe akhwangwala ndi akakowa amapeza phwando laulere. N'chifukwa chake bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO limalangiza kuti malo oterewa aziyang'aniridwa mpaka makilomita 13 kuchokera pabwalo. Kodi mtaya wa kwanuko uli patali bwanji?