Silinda ya okosijeni yoyenera ndege yaing'ono pamapiri a Dedza

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Ndege yaing'ono yochoka pabwalo la Kamuzu kupita ku Chileka imadutsa moyandikana ndi mapiri amenewa, ndipo mitambo ikachita bii woyendetsa amakwera kuti aidutse pamwamba, mwina mpaka mamita 3,000. Kumeneko okosijeni amakhalabe magawo 21 pa 100 alionse a mpweya, koma mphamvu yomukankhira m'mapapo imatsala pafupifupi magawo 70 pa 100 ya yomwe imakhalapo m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ndege zikuluzikulu zimapopera mpweya m'kati. Ndege ngati Cessna 206 siitero, n'chifukwa chake woyendetsa amanyamula silinda yake.

Kuipa kwa kuperewera kwa okosijeni n'kwakuti sikupweteka. Munthu amamva kukoma ngati wolawa kachasu, kwinaku akuphonya manambala ndiponso kuchedwa kuyankha pa wailesi. Malamulo a bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO amati woyendetsa apume okosijeni akakhala pamwamba pa mafiti 10,000 (pafupifupi mamita 3,000) kopitirira mphindi 30, koma amenewo ndi malire chabe. Usiku maso amayamba kufooka pamtunda wa mamita 1,500, womwe msika wa Dedza waupitirira kale. Wina anganene kuti alimi a mbatata ya kachewere amagwira khasu m'mapiri omwewa tsiku lonse popanda silinda. N'zoona, koma matupi awo anazolowera mtunda umenewo kwa zaka, pamene ndege imam'kweza munthu kuwirikiza mtundawo m'mphindi zowerengeka.

Posankha chipangizo ambiri amayang'ana kukula kwa silinda, chonsecho funso loyenera kuno kwathu n'lakuti mukaidzazitsa kuti. Makampani odzaza okosijeni ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo mliri wa Covid-19 mu 2021 unaonetsa kuti mpweyawu ukhoza kusowa ngakhale m'zipatala. Choncho chofunika kwambiri ndi kachipangizo kotulutsira mpweya. Kotchipa kamangotulutsa mosalekeza, ngakhale pamene munthu akupumira kunja, ndipo wambiri umangotayika. Kodula, monga kopangidwa ndi kampani ya Mountain High, kamatulutsa pang'ono pokhapokha munthu akakoka mpweya, motero silinda yomweyo imakhalitsa kangapo. Odandaula mtengo ndiponso kuti kamadalira mabatire ali ndi mfundo, koma mabatire apadera amakwana m'thumba, pamene silinda yothera m'mwamba ilibe choilowa m'malo. Timachubu ta m'mphuno timaloledwa mpaka mafiti 18,000, kutali pamwamba pa nsonga ya Sapitwa, choncho n'tokwanira m'dziko muno, bola masiki akhale pafupi chifukwa mphuno ikatsekeka ndi chimfine sitithandiza.

Kachipangizo kopanira pachala koyezera okosijeni m'magazi kasasowe, ndipo nambala isatsike pansi pa 90. Komabe apa mpofunika kusamala kwambiri: kafukufuku wa ku yunivesite ya Michigan mu 2020 anapeza kuti pakhungu lakuda kachipangizoka kamatha kuonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Woyendetsa wakhungu lakuda asadikire kuti nambala itsike ndiye atsegule silinda. Aitseguliretu pokwera, manja ndi milomo zili zopanda Vaseline kapena girisi, pakuti mafuta akakumana ndi okosijeni wothinikizidwa amayaka moto.