Diff lock ikakana, yambirani pa fyuzi ndi mawaya

Mvula ikayamba mu Novembala, misewu yambiri ya ku Budiriro, Glen View ndi Hopley mumzinda wa Harare imasanduka matope okhaokha. Mu 2021 boma la Zimbabwe linafika polengeza kuti kuwonongeka kwa misewu ndi tsoka logwera dziko lonse. Nyengo yamvulayi ndi yomwe eni ma Hilux ndi ma Land Cruiser amakumbukira kabatani ka diff lock, n'kupeza kuti sikakugwira ntchito. Ambiri amathamangira kwa amakaniko a ku Gazaland ku Highfield kapena a ku Siyaso ku Mbare atagamula kale kuti difu yafa, imasulidwe. Kupupuluma kotereku kumangodya ndalama pachabe.

Difu imalola matayala awiri akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana galimoto ikamakhota. M'matope ubwino umenewu umasanduka vuto, chifukwa tayala loterereka limangozungulira linzake litaima. Diff lock imamanga awiriwo kuti akoke limodzi. Pa ma Toyota ambiri chomanga chake ndi kamota ka magetsi kokhala pa difu penipeni, kunsi komwe madzi a m'zithaphwi amafika, ndipo vuto limakonda kuyambira pamenepo. Nyali ya pa dashibodi ikamangophethira, ndiye kuti mano a mkatimo sanalumane. Mwina giya sili pa L4 (giya lotsika lokokera matayala onse anayi), mwina liwiro lapitirira makilomita 8 pa ola, ndipo nthawi zina kungosuntha pang'onopang'ono mukukhotetsa chiwongolero kumakwanira. Zikakanika, onani fyuzi, kenako gonani pansi muzule pulagi ya kamotako. Kawirikawiri mupezamo matope ouma gwa, timapini titabiriwira ndi dzimbiri. Onaninso kapaipi kopumira, poti kakang'ambika madzi amalowa. Oyilo wa mu difu akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi afika kale mkati.

Makaniko anganene kuti kufufuza waya ndi waya n'kutaya nthawi, bola kungogula kamota kena kogwirapo kale ntchito. Zoona, nthawi zina kamotako kamakhala katafadi. Koma ngati magetsi sakufikako, chitsulo chinacho chidzangokhalanso chete, ndalama zitapita. Choipa kwambiri ndi nzeru yowotcherera magiya a mu difu kuti matayala amangike mpaka kalekale. Galimoto yotero ikakwera pa phula imadya matayala, imavuta kukhota, ndipo shafuti ikhoza kuthyoka muli anthu.

Ena amati galimoto ya m'tauni sisowa diff lock. Komatu kusagwiritsidwa ntchito n'komwe kumaiumitsa, girizi akalimba ndipo dzimbiri likamera m'miyezi yonse ya chilimwe. Kamodzi pa mwezi pezani msewu wa dothi, muiyatse, muyende pang'ono, n'kuizimitsa musanafike pa phula.