M'bindikiro pa Nthaŵi ya Mliri: Moyo, Chakudya ndi Mtendere wa Mumtima

Mau akuti m'bindikiro ife a mu Eklezia tidaŵazoloŵera kalekale. Chaka ndi chaka ansembe ndi aseminale timapatuka masiku angapo kuti tikhale chete pamaso pa Mulungu; koma timaloŵamo mwa kufuna kwathu, ndipo belu la chakudya limalira pa nthaŵi yake. M'chaka cha 2020 mau omweŵa adamveka ndi tanthauzo lina: lamulo la boma lakuti anthu onse akhale m'nyumba zao pofuna kuchepetsa kufala kwa mliri wa Covid-19. Lamuloli lidadzutsa funso lalikulu: tingateteze bwanji anthu ku matenda popanda kuŵapereka ku njala ndi ku kutaya mtima? Mliri uja udapita, pakuti bungwe la World Health Organization lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti suli ngozi yapadera ya dziko lonse, koma funsolo lidzabweranso. N'chifukwa chake nkofunika kuti ife abusa, ndi amene tikukonzekera ubusa, tilisinkhesinkhe mofatsa.

1. Zimene zidachitika m'Malaŵi

Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zidatsekedwa, ndipo misonkhano ya anthu opitirira 100 idaletsedwa, kuphatikizapo mapemphero, maukwati ndi maliro. Odwala atatu oyamba adapezeka ku Lilongwe pa 2 Epulo. Pa 14 Epulo boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21, kuyambira pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Mavenda a ku Blantyre ndi ku Mzuzu adadzaza m'miseu kukana lamulolo, ponena kuti njala idzaŵapha msanga kuposa kachirombo. Pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda wa ku Bwalo Lalikulu la Milandu adapereka chiletso, atamva dandaulo la bungwe la Human Rights Defenders Coalition ndi anthu ena lakuti boma silidakonze njira yothandizira amphaŵi. M'bindikiro uja sudachitike, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho bwalo lidagamula kuti malamulo ake adasemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino.

Tisafulumire kunena kuti mbali imodzi yokha ndiyo idali ndi nzeru. Mu Januwale 2021 mliri udakula koopsa, zipatala zidasoŵa mpweya wothandizira odwala kupuma, ndipo pa 12 Januwale nduna ziŵiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi. Pamenepo boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera lidaletsa kuyenda usiku kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko m'maŵa, nkuchepetsa chiŵerengero cha anthu pa misonkhano kufika pa 50. Mantha a madokotala adali ndi maziko, monga momwe adaliri ndi maziko mantha a mavenda.

2. Zabwino zitatu zofunika kuziteteza

Choyamba ndi moyo wa thupi. Kachiromboka kamayenda m'mpweya ndi m'timadontho totuluka pokhosomola, poyankhula ndi poimba, ndipo munthu angathe kupatsira anzake asanadziŵe kuti akudwala. M'bindikiro suchiritsa munthu. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kufala kwa matenda, kuti odwala asafike ku chipatala onse pa nthaŵi imodzi, ndiponso kuti boma lipeze mpata wokonza mabedi, mpweya ndi katemera. M'dziko limene mabedi a odwala kayakaya ndi oŵerengeka, mpata wotere ungapulumutse ambiri. Kupatula wodwala si nzeru ya Azungu yokha ai: m'buku la Levitiko, mutu 13, wansembe ndiye adapatsidwa udindo woyesa wodwala nthenda ya pakhungu ndi kumpatula masiku asanu ndi aŵiri.

Chachiŵiri ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malaŵi, ndipo pafupifupi theka la anthuŵa ndi amphaŵi. M'matauni ambiri salandira malipiro a pamwezi. Mai wogulitsa mandasi, mnyamata wa kabaza, bambo wa ganyu, amadya madzulo zimene apeza masana. Kwa munthu wa malipiro, masiku 21 a m'nyumba ndi chisokonezo chabe; kwa wa ganyu, tsiku lachitatu ufa watha. Tiwonjezepo kuti ku Ndirande kapena ku Mtandire mabanja angapo amatunga madzi pa mpopi umodzi ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, kotero kuti lamulo lakuti anthu atalikirane silingasungike ngakhale atafunitsitsa. Boma lidalonjeza K35,000 pa mwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda, koma ndalamazo zidayamba kufika mu 2021. Phunziro lina tidaliwona mu Meyi 2020, pamene abale athu obwerera kuchokera ku South Africa adasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, ndipo mazana a iwo adathaŵapo akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Lamulo losalingalira za mimba ya munthu limadziphwanya lokha, ndipo matenda amene limafuna kuŵatsekera amafika kumudzi msanga.

Chachitatu ndi mtendere wa mumtima, umene kaŵirikaŵiri umaiŵalika chifukwa mabala ake saoneka. Mwambo wathu umazika munthu pakati pa anzake: kali kokha nkanyama, ali aŵiri ndi anthu. Pa maliro mudzi wonse umagona pasiwa, azimai amaphika, akhristu amaimba usiku wonse, ndipo wofedwa amadziŵa kuti sali yekha. Pa nthaŵi ya mliri ambiri adaika abale ao mothamanga, osaona nkhope, ndipo chisoni chosalirika bwino chimakhalitsa mumtima. Bambo amene ntchito yamthera, ngongole ili pakhosi, amachita manyazi pamaso pa ana ake, ndipo mwambo udamphunzitsa kuti mwamuna salira. Apolisi adanena kuti chiŵerengero cha anthu odzipha kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 chidakwera ndi 57 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2019, ndipo ambiri adali amuna. Ana nawo adalipira mtengo waukulu: sukulu zili chitsekere mpaka Seputembala ndi Okutobala, kafukufuku wa boma adapeza atsikana pafupifupi 40,000 amene adatenga pathupi ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000.

3. Muyeso wa Eklezia

Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiŵiri, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, umafotokoza ubwino wa onse ngati zonse zofunika pa moyo wa pamodzi kuti munthu aliyense ndi gulu lililonse afike pa uphumphu wao. Tikamvetsa zimenezi tiwona kuti zabwino zitatu zija si adani olimbirana mpando. Munthu ndi mmodzi, thupi ndi mzimu pamodzi. Njala imafooketsa thupi kuti ligonje ku matenda. Nkhaŵa imalanda mphamvu zogwirira ntchito. Matenda amatha chuma cha banja. Kunena kuti tisankhe pakati pa moyo ndi chuma ndi kusokoneza funso, pakuti chuma cha mmphaŵi ndi nsima ya lero, ndipo nsimayo ndi moyo.

Kuchokera apa tingatchule mfundo zinai zoyesera lamulo lililonse la m'bindikiro. Yoyamba: boma lili ndi ufulu, ndiponso udindo, wochepetsa ufulu wa anthu pofuna kuteteza moyo, koma lichite zimenezi motsata malamulo ndi kwa nthaŵi yodziŵika. Yachiŵiri: choipa chimene lamulo libweretsa chisapose chabwino chimene lifuna, ndipo ngati ilipo njira yopepukirapo, monga kuvala zotchinga pakamwa ndi mphuno, kusamba m'manja, kuchepetsa anthu m'minibasi ndi kupempherera panja, iyambe kuyesedwa ndiyo. Yachitatu: katundu agaŵidwe mwachilungamo. Amene alamula anthu kukhala m'nyumba akhale atakonza kale chakudya chao. Chithandizo chitsogole, lamulo litsate pambuyo. Yachinai: mafumu, atsogoleri a misika, a mipingo ndi a mizikiti afunsidwe nzeru, chifukwa ndiwo adziŵa khomo limene mukugona njala.

4. Ntchito ya mbusa

Mbiri ya Eklezia itipatsa chitsanzo. Mliri utagwa ku Milan mu 1576, Episkopi Carlo Borromeo sadanyoze malamulo a m'bindikiro, komanso sadasiye nkhosa zake. Adaimiritsa maguwa pa mphambano za miseu kuti otsekeredwa amve Misa ali pa mawindo, adatuma ansembe kukamva kulapa pa makomo, ndipo adatha chuma chake podyetsa anjala. Thupi, mimba ndi mtima adazisamala pamodzi.

Ifenso tili ndi chida chimene maepiskopi a AMECEA adatipatsa m'zaka za 1973 ndi 1976, ndicho miphakati. Tchalitchi chikatsekedwa, mphakati umatsala, ndipo atsogoleri ake amadziŵa nkhalamba yokhala yokha, mai wamasiye ndi mtsikana amene makolo akufuna kumkwatitsa. Parishi yanzeru ikonzeretu mndandanda wa mabanja otere ndi nkhokwe yapadera nthaŵi ya mtendere, mogwirizana ndi CADECOM, osadikira mliri. Wansembe asamale mau ake pa guwa: asatche mliri chilango cha ochimwa, asafalitse mphekesera za mankhwala ndi katemera, ndipo asayese kumvera malangizo a chipatala ngati kuchepa kwa chikhulupiriro.

Pa za matenda a maganizo tiyenera kuphunzira zambiri m'seminale. Munthu wosagona tulo masabata angapo, wosiya kudya, wodzipatula, wonena kuti kuli bwino atafa, timumvetsere mopanda kumuweruza, tisamsiye yekha, ndipo timperekeze kwa odziŵa, ku chipatala cha boma, ku Zomba Mental Hospital kapena kwa abale a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pemphero ndi mankhwala sizitsutsana. Ndipo ofedwa amene sadalire mokwanira tiŵakonzere Misa ya chikumbutso ndi mwambo wa kumanda zinthu zikakhala bata, kuti maliro ao athe monga mwa chikhristu ndi mwa chikhalidwe chathu.

Tsono mliri wina ukadzafika, boma lidzafunsa akatswiri a zaumoyo ndi a zachuma, ndipo lidzachita bwino. Gawo lathu lidzakhala kumvera malamulo olungama poyera, kukumbutsa olamula za iwo amene alibe ufa wa maŵa, ndi kuwonetsetsa kuti m'parishi mwathu mulibe munthu wotsekeredwa m'nyumba popanda womufunsa m'mene wadzukira.