KHANSA YA ANA: BANJA LA KU KABWATA LINAPEMPHERA, KOMA SILINALEKE MANKHWALA

Mai wina wa ku Kabwata anali kusambika mwana wake wamkazi wa zaka zinai madzulo ena, pamene dzanja lake linagunda cinthu colimba m'mimba mwa mwanayo, ca kumanzere, pansi pa nthiti. Mwana sanalire. Anali kuseweretsa thovu la sopo m'beseni, ndipo masana anali atadya nsima yake bwinobwino.

Ambuya a mwanayo atakhudza anati ndi kapamba, poti mwana anadwalapo malungo atapita kumudzi. Anansi anati ndi njoka za m'mimba. Anagula mankhwala a njoka, nampatsa, nadikira. Panapita masabata atatu, kufikira kadiresi ka ku Sande sukulu kanayamba kuthina pamimba. Apa m'pamene anapita naye ku kiliniki, kumene anawalembera kalata ya ku UTH. Sikani inaonetsa cotupa cacikulu pa impso ya kumanzere, ndipo adokotala anauza makolo kuti ndi khansa.

Maina a banjali sachulidwa pano. Atate ndi mlonda wa usiku pa nyumba ina ku Kabulonga, amai agulitsa tomato ndi repu pa msika, ndipo onse apemphera ku Reformed. Ali ndi ana ena awiri a pa sukulu.

Khansa imene inagwira mwanayu ichedwa Wilms, dzina la dokotala wa ku Germany, Max Wilms, amene analemba za nthendayi mu 1899. Imamera pa impso, ndipo kawirikawiri igwira ana osapitirira zaka zisanu. Kuipa kwake n'kwakuti poyamba sipweteka, cotero amene aitulukira nthawi zambiri ndi mai posambika kapena poveka mwana. Siipatsirana. Mwana angadye mbale imodzi ndi anzace, angagone nao pa mphasa imodzi. Siibwera cifukwa ca cakudya cimene mai anadya ali ndi pakati, kapena cifukwa ca kulakwa kwa atate. Igwira mwana wa ku Woodlands monga igwira wa ku komboni.

Pali khansa zina za ana zimene makolo ayenera kudziwa maonekedwe ace. Mwana akakhala ndi kanthu koyera pakati pa diso, kowala ngati diso la cona usiku, ingakhale khansa ya diso yochedwa retinoblastoma. Cibwano kapena mimba ikatupa msangamsanga m'masabata ocepa, mano nayamba kugwedera, ingakhale Burkitt, nthenda imene dokotala Denis Burkitt anailongosola ku Uganda mu 1958, ndipo ipezeka kwambiri kumalo a malungo. Mwana amene magazi amthera kawirikawiri, atuluka magazi m'nkhama, alira mafupa, ndipo thupi litentha osamva mankhwala a malungo, afunika kumpima khansa ya m'magazi. Mwanabele wolimba, wosapweteka, amene sacepa patapita masabata awiri kapena atatu, asamangopakidwa mafuta panyumba.

Ambiri amaganiza kuti cotupa cikapezeka, mawa lace ndi opaleshoni. Pa khansa ya impso sizitero kawirikawiri. Mwana ayamba walandira mankhwala a m'mitsempha kwa masabata anai, ochedwa vincristine ndi actinomycin D, kuti cotupa cifote, cisaphulike pocicotsa. Pambuyo pace acotsa impso yodwalayo pamodzi ndi cotupa. Munthu akhala bwino ndi impso imodzi moyo wace wonse. Ikatha opaleshoni mankhwala apitirira, kwa ena mwezi umodzi, kwa ena kupitirira theka la caka, malinga ndi pamene nthenda inafika. Ena afunikanso kuwaocha cotsalira ndi makina a radiotherapy. Kale odwala otere anali kutumizidwa ku Zimbabwe ndi ku South Africa, kufikira cipatala ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa pafupi ndi UTH mu 2007.

Mwana wa ku Kabwata anamlembera miyezi isanu ndi umodzi opaleshoni itatha. Masiku onse obwera ku cipatala analembedwa pa kadi.

Nchito yaikulu inali kunyumba. Tsitsi linayamba kutsala pa pilo, ndipo amai anameta lotsalalo, namsokera kacisoti ka citenje. Anasi anali atawauziratu kuti lidzameranso. M'kamwa munatuluka zironda, mwana nakana nsima. Anampatsa phala la nshawa lozizirako, mazira owiritsa, nthoci ndi mkaka, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndi kumcukucitsa m'kamwa ndi madzi owiritsa othira kamcere. Vincristine amanga m'mimba, cotero papaya ndi madzi akumwa ambiri sizinali kusowa. Madzi onse a mwana anali owiritsa kapena othira Klorin. Aliyense wokumbukira kolera imene inavuta mu Lusaka kuciyambi kwa 2024 adziwa cifukwa cace.

Mankhwala a khansa apha tizigawo ta nthenda, koma agwetsanso asilikali a m'magazi amene amenyana ndi tizirombo. Asilikaliwa acepa kwambiri patapita sabata imodzi kapena awiri mwana atalandira mankhwala. Pa nthawi imeneyo kacimfine kamene mwana wina angathamange nako kangaphe mwana wa khansa m'maola ocepa. N'cifukwa cace banja lililonse lotere liyenera kukhala ndi kopimira kutentha kwa thupi. Kakafika pa 38, mwana apite ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kumpatsa Panado ndi kudikira kuti kuce ndiko kubisa moto pansi pa phulusa. Aspirin asampatse konse, cifukwa awonjezera kutaya magazi. Mwana wa mnansi akadwala cikuku kapena nthomba, asayandikire, ndipo adokotala auzidwe ngati anaseweera pamodzi.

Usiku wotere unafika m'mwezi waciwiri. Atate anali pa geti ku Kabulonga, malaiti anali atapita, ndipo amai anawerenga 38.6 ndi toci ya pa foni. Anaimbira mkulu wa mpingo amene ayendetsa takisi. Iye sanafunse za ndalama, anangoti, "Amake mwana, mfunditseni bulangeti, ndafika." Mwana anagonekedwa masiku asanu pa dilipu, ndipo anafunika magazi. Pa Sande abusa analengeza m'chalichi, ndipo m'kati mwa sabata anyamata a kwaya anapita kukapereka magazi ku nkhokwe ya magazi ya pa UTH. Magazi operekedwa motero sapita kwa mwana mmodzi yekha ai, athandiza aliyense amene gulu lace ligwirizana nao.

Cithandizo ca mpingo cinali ca mtundu umenewu kwambiri. Amai a Cigwirizano anagawana masiku. Wina anali kukhala pa tebulo la tomato amake mwana akapita ku cipatala, wina kuphikira ana a sukulu, wina kucapa. A m'cilimba anagwirizana kuti amake mwana alandire msanga, lisanafike tsiku lao. Pobwera kudzapemphera anali kulowa awiriawiri, atasamba m'manja, ndipo wa cifuwa anali kupempherera panja pa khomo. Ena poyamba anakhumudwa nazo. Koma kudzaza anthu makumi awiri m'cipinda cimodzi ca mwana wopanda asilikali m'magazi si cikondi, ngakhale nyimbo zikome bwanji.

Ciyeso cacikulu cinabwera pamene zinthu zinayamba kuyenda bwino. Patapita miyezi iwiri cicitikire opaleshoni, bala linapola, mimba inaphwa, mwana anayamba kuthamanga pabwalo ndi kulimbirana ciwaya ndi akulu ace. Tsiku la mankhwala likafika anali kulira poona cipata ca cipatala, ndipo pobwerako anali kusanza ndi kugona masiku awiri. Kwa munthu woona ndi maso, cipatala ndico cinali kudwalitsa mwana.

Mlongo wao wa atate, wokhala ku Chelstone, anabwera ndi botolo la madzi ndi mafuta ocokera kwa mneneri wina. Anati mneneriyo waona m'masomphenya kuti mwana wacira, ndipo kubwerera ku cipatala ndiko kukayika Mulungu. Sanali munthu woipa. Ndiye anagula matewera ndi zipatso mwana ali m'cipatala. Atate anamvera, ndipo cifukwa cina cinali m'thumba: anali atatenga kale kaloba, ndipo abwana anali atayamba kudandaula za masiku amene anali kupempha. Lacinai lina tsiku la pa kadi linapita, mwana ali kunyumba.

Apa m'pamene ana ambiri a m'dziko muno atayikira. Madokotala anafufuza ana 162 amene analandira mankhwala a khansa pa UTH kuyambira 2008 kufika 2010. Anapeza kuti ana 8 okha pa 100 alionse ndiwo anatsiriza mankhwala. Pafupifupi theka anamwalira ali pa mankhwala, ndipo pafupifupi theka linanso analekera panjira, osabweranso. Okhala kutali ndi cipatala ndiwo anali kuleka kwambiri. Ziwerengerozi n'zakale, ndipo zambiri zasintha, koma zifukwa zolekera zikali zomwezo: ndalama ya basi, ana otsala kunyumba, mantha a opaleshoni, ndi mau akuti mwana wacira kale.

Bungwe la za umoyo la WHO likuti m'maiko olemera ana oposa 80 pa 100 alionse odwala khansa acira, pamene m'maiko ambiri osauka safika 30. Mu 2018 bungweli linaika colinga cakuti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse azicira pa dziko lonse, ndipo Wilms, Burkitt ndi khansa ya diso zili pakati pa khansa zisanu ndi imodzi zimene linasankha kuyambirapo, cifukwa zicizika. Mu 2025 WHO ndi cipatala ca St. Jude ca ku America anayamba kutumiza mankhwala a khansa ya ana kwaulere ku maiko oyambirira asanu ndi limodzi, ndipo Zambia ili pa mndandandawo. Koma mankhwala ali m'kabati sathandiza mwana amene sanabwere.

Cifukwa cotsirizira mankhwala n'cosavuta kumva. Dokotala acotsa cotupa cimene aona. Tizigawo ta khansa tosaoneka ndi maso, ngakhale ndi sikani, tingakhale titayenda kale m'magazi, ndipo pa Wilms timakonda kukakhala m'mapapo. Mankhwala a miyezi yotsatira ndiwo asesa totsalato. Mlimi aliyense adziwa kapinga: ukadula pamwamba munda uoneka woyera, mvula ikagwa wameranso. Khansa ikabwerera pambuyo polekeza, imabwera yosamva mankhwala oyamba aja, ndipo mwai wocira ucepa kwambiri.

Amene anaona kuti tsiku laphonyedwa ndi mai wina wacikulire wa Cigwirizano, amene anali atakopera masiku onse a pa kadi pa kapepala, nakaika m'Baibulo lace. Lacisanu m'mamawa anafika ndi abusa. Panalibe kukalipa. Abusa anakhala pa mpando ndi atate, nawakumbutsa kuti Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, ndi kuti pamene Mulungu anaciritsa mfumu Hezekiya, mneneri Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pa cithupsa. Anati kuyamika Mulungu kuti mwana akuthamanga n'koyenera, ndipo adzayamika pamodzi m'chalichi tsiku limene adokotala adzalemba kuti mankhwala atha. Pambuyo pace anafunsa funso limene ena onse sanafunse: "Atate ake mwana, ngongole yafika pa zingati?"

Tsiku lomwelo anapita ku cipatala kukafotokoza zoona, ndipo anawapatsa tsiku lina. Kholo limene laphonya tsiku lisacite manyazi kubwerera, ndipo lisaname. Anasi angadandaule, koma cimene afuna ndi kuona mwanayo. Madzi a mneneri sanatayidwe, poti mlongo wa atate akanakhumudwa. Anangogwirizana kuti mwana asamwe ciliconse, kaya madzi a m'botolo, kaya mizu, kaya mankhwala a m'sitolo ochedwa olimbitsa thupi, adokotala asanaone. Zina mwa izi ziononga ciwindi, ndipo mwana wa impso imodzi alibe ina yodalira.

Banja la ku Kabwata lili ndi mwai umene ambiri alibe: ndalama ikasowa, amai angabereke mwana ndi kuyenda pansi kufika ku cipatala. Pa bedi loyandikana nalo panali mai wocokera ku Lundazi, amene anatsikira pa Intercity ndi cikwama cimodzi, osadziwa munthu aliyense mu Lusaka. Bungwe la Kayula Childhood Cancer Foundation linatsegula nyumba mu mzinda muno yofikiramo ana otere ndi owasamalira, ndipo kholo locokera kutali lifunse anasi kapena a social welfare a pa cipatala za malo ogona lisanaganize zobwerera kumudzi. Amai a Cigwirizano atamva za mai wa ku Lundazi, anayamba kuphika nsima ya anthu awiri.

Mwana uja anatsiriza mankhwala ace, mocedwerako ndi masabata atatu. Tsitsi linamera, lofewa kuposa loyamba. Adokotala sananene kuti nkhani yatha, pakuti khansa imeneyi ikafuna kubwerera imatero makamaka m'zaka ziwiri zoyamba, cotero apitabe kukapimidwa pamimba ndi pacifuwa miyezi ingapo iliyonse. Ngongole ya kaloba ikali kubwezedwa. Pa Sande ya ciyamiko mlongo wa atate anabwera kucokera ku Chelstone, nakhala kutsogolo ndi mwana pamiyendo. Kapepala ka m'Baibulo la mai wacikulire uja kanasinthidwa ndi kena, ndipo tsiku loyamba pa kapepala katsopanoko ndi Laciwiri.